Malamulo a snooker: fawulo, free ball, miss, ndi mmene mikangano imathera pa tebulo

Munthu amene anazolowera pool ya m'malo omwera akaonera snooker pa kanema, pamafika nthawi imene mutu umaima. Wosewera wamenya mpira woyera, waphonya wofiira pang'onong'ono, woyimbira wanena kuti "foul and a miss", kenako wayamba kubwezera mipira pomwe inali. Wosewera yemwe uja akuweramanso, akuphonyanso, woyimbira akubwezeranso. Palibe mpira womwe walowa, koma mapointi a mnzake akungokwera: 4, 8, 12, 16. Ena amayesa kuti woyimbirayo akukondera, pomwe akungotsata lamulo lolembedwa.

Malamulo ambiri a snooker amachokera pa mfundo imodzi, yakuti wolakwa asadyerepo pa kulakwa kwake. Mikangano nayo imabukira malo awiri: pomwe diso liyenera kuweruza kampata kochepa ngati tsitsi, ndi pomwe woyimbira ayenera kuweruza ngati wosewera anayesetsadi kapena anaphonya dala.

Kumene masewerowa anachokera

Mbiri yomwe ambiri amavomereza ndi yakuti snooker inayamba mu 1875 ku Jabalpur m'dziko la India, pakati pa akuluakulu a asilikali a Britain. Msilikali wina, Neville Chamberlain, yemwe si nduna yaikulu ya Britain ya dzina lomweli, ndiye amatchulidwa kuti anaphatikiza masewero a pa tebulo omwe analipo kale n'kuwonjezera mipira yamitundu. Liwu loti snooker linali lonyazitsira asilikali ongoyamba kumene maphunziro pa sukulu ya usilikali ya ku Woolwich. Malamulo ofanana kulikonse anakhazikitsidwa mu 1919, mpikisano wa dziko lonse lapansi unayamba mu 1927, ndipo Joe Davis anaupambana maulendo 15. Kuyambira 1977 mpikisanowu umachitikira ku Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield. Lero malamulo amasungidwa ndi kukonzedwa ndi bungwe loyendetsa masewerowa la WPBSA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968.

Tebulo, mipira, ndi mpira woyenera

Tebulo la snooker ndi lalikulu kuposa la pool: mafiti 12 mulitali ndi mafiti 6 mulifupi, ndipo malo osewerapo m'kati mwake ndi mamilimita 3569 ndi 1778. Mipira ilipo 22: woyera womenyera, yofiira 15, ndi ina 6 yomwe timaitchula kuti yamitundu. Wofiira uliwonse ndi pointi 1, wachikasu 2, wobiriwira 3, wabulawuni 4, wabuluu 5, wapinki 6, wakuda 7. Kumunsi kwa tebulo kuli mzere wojambulidwa mamilimita 737 kuchokera m'mphepete, ndipo pa mzerewo pali theka la bwalo looneka ngati chilembo D. Poyamba masewero, kapena woyera ukalowa m'thumba, umaikidwa paliponse m'kati mwa D kapena pa mizere yake.

Chofunika kuchigwira msanga ndi chomwe azungu amati ball on, mpira umene lamulo likukulola kuumenya koyamba pa nthawi imeneyo. Pano tiutcha mpira woyenera. Yofiira ikadalipo, aliyense akafika pa tebulo mpira woyenera ndi wofiira uliwonse. Ukalowetsa wofiira, mpira woyenera umakhala wamtundu umodzi umene wausankha. Ukaulowetsa umalandira mapointi ake, woyimbira amaubwezera pa kadontho kosonyeza malo ake pa tebulo, ndiye ubwereranso ku wofiira. Yofiira ikalowa sibwerera. Yonse ikatha, yamitundu imalowetsedwa motsatana kuyambira wachikasu mpaka wakuda, ndipo apa sibwezeredwanso.

Masamu ake ndi osavuta, koma ndi omwe amalamulira zambiri zimene zikubwerazi. Wofiira uliwonse wotsatana ndi wakuda ndi 8, ndipo yamitundu yonse pamodzi ndi 27. Yofiira 15 kuchulukitsa ndi 8 ndi 120, kuphatikiza 27 ndi 147, mapointi amene Ronnie O'Sullivan anawapeza m'mphindi zopitirira pang'ono 5 ku Crucible mu 1997. Pakatsala yofiira 3, pa tebulo pali 24 kuphatikiza 27, yomwe ndi 51. Ngati watsalira ndi 58, ngakhale utalowetsa zonse sungamupeze mnzako. Ukusowa 7, ndipo ungaipeze pokhapokha mnzakoyo alakwe. Mafawulo 2 a mapointi 4 akupatsa 8, n'kupambana ndi 1. Wosewera wotere amanenedwa kuti akufuna ma snooker, kutanthauza misampha yobisira mnzake mpira woyenera kuti alakwe.

Zinthu zingapo zomwe anthu amabwera nazo kuchokera ku pool kuno kulibe. Mnzako akalakwa sulandira mwayi womenya kawiri. Kulowetsa wakuda nthawi yosayenera sikuthetsa masewero, ndi fawulo chabe ya mapointi 7. Palibe lamulo loti mpira ukagunde m'mphepete ukatha kumenya. Sutchula thumba, ndipo mpira woyenera ukalowa mwangozi mapointi ndi ako ndithu. Ukamasewera kuchokera mu D ungathe kumenyera mbali iliyonse, ngakhale cham'mbuyo.

Fawulo ndi mtengo wake

Fawulo ndi kuphwanya lamulo kulikonse, ndipo chilango chake ndi mapointi opita kwa mnzako, osati ochotsedwa kwa iwe. Chochepetsetsa ndi 4, chachikulu ndi 7. Pakati apo umayang'ana mipira iwiri, woyenera ndi umene walakwirapo, n'kutenga wamtengo wapamwamba. Ukufuna wofiira koma wayamba kugunda wobiriwira: 4, chifukwa 3 safika pa chochepetsetsa. Wayamba kugunda wabuluu: 5. Wasankha wapinki, waugunda bwino, koma woyera walowa m'thumba: 6. Wasankha wachikasu koma walowetsa wakuda: 7.

Mafawulo ena ndi a thupi ndi ndodo. Kukhudza mpira uliwonse ndi dzanja, malaya, choko kapena ndodo yothandizira ndi fawulo pa mtengo wa mpira wokhudzidwawo ngati uposa 4. Kumenya mpira mapazi onse awiri atachoka pansi, kumenya mipira isanaime, kumenya mpira woyimbira asanamalize kubwezera wamtundu, kugunda woyera kawiri ndi nsonga ya ndodo, kudumphitsa woyera pamwamba pa mpira wina, kutulutsa mpira pa tebulo, zonsezi ndi mafawulo. Kugunda mipira iwiri nthawi imodzi ndi fawulo, kupatula ngati yonse ili yofiira pomwe wofiira ndiye woyenera, kapena ngati umodzi uli free ball ndipo winawo uli woyenera.

Pali mafawulo omwe amakhala a 7 nthawi zonse, ndipo awiri mwa iwo amayambitsa phokoso kawirikawiri. Loyamba: walowetsa wofiira, usanasankhe wamtundu wakhudza mpira ndi mkono. Chilango ndi 7, chifukwa ukanatha kusankha wakuda. Lachiwiri: woyimbira wakufunsa mtundu womwe ukufuna ndipo wamenya osayankha. Kuyeza kampata ndi chinthu chilichonse, monga choko kapena mpira womwe walowa kale, ndi 7. Pa masewero a anthu awiri opanda woyimbira, ndi nzeru kutchula mokweza mtundu womwe ukufuna paliponse pomwe mipira iwiri yamitundu yayandikana kapena pomwe ukudzera m'mphepete.

Fawulo ikachitika, wolakwiridwa ali ndi ufulu wosankha. Akhoza kusewera pomwe mipira yaima, kapena kuuza wolakwayo kuti aseweretu yekha kuchokera pomwepo. Akanena kuti sewera, sangabweze mawuwo. Zili ngati munthu amene wathira mchere wambiri m'ndiwo ndiye akuuzidwa kuti ayambe ndi iye kudya. Mapointi onse omwe wolakwayo anapeza asanalakwe amakhala ake.

Mfundo yoti wolakwa asadyerepo ili ndi pobowoka pamodzi. Wofiira ukalowa pa fawulo subwerera pa tebulo. Wosewera amene ali patsogolo akalowetsa wofiira ndi woyera limodzi, wapereka 4 koma wachotsa pa tebulo mapointi omwe akanafika 8. Lamulo limavomereza zimenezi poyera.

Snooker yeniyeniyo, ndi free ball

Dzina la masewerowa ndi dzinanso la msampha. Woyera umakhala pa snooker ngati njira yowongoka yopita ku mpira woyenera uliwonse yatsekedwa, yonse kapena mbali yake, ndi mpira wosayenera. Muyeso wake ndi uwu: kodi pali mpira woyenera umodzi womwe ungaugunde m'mbali zake zonse ziwiri, kumanja kwenikweni ndi kumanzere kwenikweni, popanda wosayenera kukutchinga? Ngati ulipo, si snooker. Choncho ukhoza kumauona bwinobwino theka la wofiira n'kukhalabe pa snooker m'maso mwa lamulo.

Kutchera snooker ndi luso lololedwa. Koma snooker ikabwera chifukwa cha fawulo, wolakwayo akanadyerapo, ndipo apa m'pomwe free ball imalowera. Woyimbira amalengeza, ndipo wolakwiridwa angasankhe mpira wina uliwonse kuti uimire woyenera. Wosankhidwawo umatenga mtengo wa woyenera. Ngati yofiira ikadalipo ndipo wasankha wabuluu, ukaulowetsa umalandira pointi 1, wabuluuwo ubwerera pa kadontho kake, kenako usankha wamtundu monga ngati walowetsa wofiira. N'chifukwa chake n'zotheka kupitirira 147: free ball pachiyambi imakhala ngati wofiira wa nambala 16, ndipo masamu amafika 155. Jamie Burnett anapeza 148 mwa njira imeneyi mu 2004 pa masewero odzigulira malo mu UK Championship.

Anthu amakangana pa zinthu zitatu. Wofiira wotchinga wofiira unzake sapereka free ball, chifukwa yonse ndi yoyenera. Milomo ya thumba nayo sitchera snooker: ngati chomwe chikuyamba kutchinga woyera ndi kupindika kwa mphepete pakamwa pa thumba, free ball palibe. Chachitatu, sungagwiritse ntchito free ball kubisa woyera kuseri kwa mpira womwe wausankhawo. Kutero ndi fawulo, kupatula pomwe pa tebulo patsala wapinki ndi wakuda basi. Ndipo ukasankha kuti wolakwa asewerenso, free ball ija yafa, iye saitenga.

Miss: pomwe woyimbira amaweruza khama

Ili ndiye lamulo lovuta kuposa onse. Limati wosewera ayenera kuyesetsa ndi luso lake lonse kugunda mpira woyenera. Woyimbira akaona kuti sanatero, amalengeza fawulo ndi miss, ndipo wolakwiridwa amapeza njira yachitatu pamwamba pa ziwiri zija: kupempha kuti mipira yonse ibwezeredwe pomwe inali, wolakwayo ayesenso.

Chifukwa chake chimamveka ukaganizira mmene katswiri amaonera tebulo. Tinene kuti ali kuseri kwa wabulawuni. Pali njira yapafupi, yodzera m'mphepete kamodzi, yogundira mulu wa yofiira, koma akatero amwaza mipira n'kumutsegulira mnzake mwayi wa mapointi 70 kapena 80. Pali njira ina yovuta, yodzera m'mphepete katatu kukakhudza pang'ono wofiira womwe uli wokha, ndipo akaphonya woyera ukaima kutali pomwe mnzake sangachite kanthu. Popanda lamulo la miss, kulipira 4 n'kotchipa kwambiri. Akatswiri ankachita zimenezi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 lamuloli linakhwimitsidwa n'kufika pafupi ndi mmene lilili lero. Likufanana ndi chindapusa cha pa bwalo la mfumu chomwe chachepa kwambiri moti munthu akuona kuti kuli bwino kulowetsa ng'ombe m'munda wa mnzake n'kulipira nkhuku. Bwalo lanzeru limawonjezera kuti ukalipira nkhukuyo ukabzalenso mundawo.

Miss silengezedwa m'malo awiri. Poyamba, ngati mmodzi wa osewera akufuna ma snooker, kaya asanamenye kapena chifukwa cha chilango cha kumenyako, ndipo woyimbira wakhutira kuti kuphonyako sikunali kwadala. Chachiwiri, ngati kugunda woyenera n'kosatheka ngakhale pang'ono, monga pomwe woyera wazunguliridwa ndi yamitundu pakona. Apo wosewera amangofunika kumenya molunjika kumene kuli woyenera ndi mphamvu yokwanira kukafikako. Kunja kwa izi, ngati panali njira yowongoka yokhudzira ngakhale kachidutswa ka woyenera ndipo waphonya, ndi miss popanda kukambirana.

Pali chilango china chachikulu. Ngati mpira woyenera unkaoneka wonse, moti ukanatha kuugunda pakati penipeni, ndipo waphonya, mipira yabwezeredwa, waphonyanso, woyimbira amakuchenjeza kuti kuphonya kachitatu frame yonse (gawo limodzi la masewero, kuyambira poyala mipira mpaka itatha) ipita kwa mnzako. Dechawat Poomjaeng wa ku Thailand analuza frame mwa njira imeneyi posewera ndi Michael White ku Crucible mu 2013. Chenjezolo ndi gawo la lamulo: woyimbira akaiwala kuchenjeza sangapereke frame, ayenera kuchenjeza kaye pa mpata wotsatira. Koma ngati uli pa snooker yeniyeni, malire a maulendo 3 palibe. Mu semifainolo ya mpikisano wa dziko lonse mu 2020, Anthony McGill anaphonya maulendo 8 otsatizana mu frame yomaliza ndi Kyren Wilson mpaka anafika pofuna ma snooker. Frame imeneyo inatha 103 kwa 83, Wilson n'kupambana 17 kwa 16.

Nthawi zina lamulo limakonzedwa chifukwa cha zomwe zachitika pa tebulo. Mu UK Championship ya 2009, Ronnie O'Sullivan, ataphonya kangapo posewera ndi John Higgins, anakhudza wakuda akukonzekera kumenya. Woyimbira Jan Verhaas analengeza fawulo koma osati miss, poti panalibe kumenya, ndipo Higgins sakanatha kupempha kuti mipira ibwezeredwe. Lero malamulo amalola wolakwiridwa kupempha kubwezera zikachitika zotere.

Kwa akatswiri miss imalengezedwa pafupifupi nthawi iliyonse akaphonya, chifukwa luso lawo likudziwika. Kwa ongophunzira, lamulo lomwelo limafuna kuti woyimbira aganizire kuvuta kwa snooker ndi luso la munthuyo: kodi anasankha njira yosavuta kuposa zonse, kodi anamenya ndi mphamvu yokwanira, kodi waphonya ndi kampata kotani. Vuto lina ndi kubwezera komweko. Pa kanema woyimbira amathandizidwa ndi chithunzi cha mmene tebulo linalili. Kopanda makamera amadalira kukumbukira, amafunsa osewera onse awiri, koma mawu omaliza ndi ake. Mipira 5 kapena 6 ikasuntha, anthu awiri opanda woyimbira sangaibwezere molondola, n'chifukwa chake ambiri osewera mocheza amagwirizana asanayambe kuti miss aisiya, kapena kuti aigwiritsa ntchito pokhapokha woyenera ukuoneka.

Mipira yokhudzana ndi kukankha

Woyera ukaima utakhudzana ndi mpira womwe uli woyenera kapena ungakhale woyenera, woyimbira amanena kuti "touching ball". Wosewera ayenera kumenya woyera kuchoka pa mpirawo osausuntha. Ngati wokhudzanawo ndi woyenera, amaonedwa ngati waugunda kale, ndipo sakakamizidwa kugunda china chilichonse. Ngati ndi wosayenera, ayenera kuchoka osausuntha komanso kukagunda woyenera. Ukasuntha chifukwa cha kumenyako ndi fawulo ya kukankha. Ukagwedezeka wokha woyera utachoka, chifukwa unali utatsamira pa woyera, si fawulo, bola woyimbira akhutire kuti wosewera sanaukankhe.

Kukankha ndi pomwe nsonga ya ndodo ikadali pa woyera pamene woyerawo wayamba kuyenda, kapena pamene ukugunda mpira wina. Zimachitika kwambiri mipira ikatalikirana ndi mamilimita ochepa. Lamulo limapereka potulukira: mipira ikatsala pang'ono kukhudzana, kugunda kam'mphepete kochepetsetsa sikuwerengedwa ngati kukankha. Chizindikiro chomwe oyimbira amayang'ana ndi kayendedwe ka woyera. Ukaumenya pakati mpira uli pafupi kutsogolo, uyenera kutaya liwiro ukagunda. Ukathamangira limodzi ndi winawo pa liwiro lofanana, ndodo inaukankha.

Mpira womwe waima pakamwa pa thumba nawo umavuta. Ukadendekera kamphindi n'kugwa monga mbali ya kumenya komweko, walowa. Ukagwa wokha pambuyo pake popanda kugundidwa, umabwezeredwa pomwe unali. Ukagwa pomwe mpira wina ukubwera kudzaugunda, mipira yonse imabwezeredwa ndipo wosewera amamenyanso popanda chilango. Mpira wosunthidwa ndi munthu wodutsa kapena chinthu china umabwezeredwanso popanda chilango.

Kubwezera yamitundu, kulingana mphamvu, ndi kuyambiranso

Wamtundu umabwerera pa kadontho kake. Pakakhala mpira wina, umapita pa kadontho ka mtengo wapamwamba komwe kali kopanda kanthu, kuyambira ka wakuda kutsika. Madontho onse akadzaza, umaikidwa pafupi kwambiri ndi kadontho kake molunjika kumtunda kwa tebulo, osakhudza mpira wina. Wapinki ndi wakuda ikasowa malo kumtundako imaikidwa kumunsi kwa kadontho kake pa mzere wapakati.

Pakatsala wakuda wokha, kuulowetsa kapena fawulo yoyamba imathetsa frame, kupatula ngati mapointi alingana. Akalingana, wakuda umabwerera pa kadontho kake, amaponya ndalama kuti aone wosankha woyamba, woyera umachokera mu D, ndipo kulowetsa kapena fawulo yotsatira ndiye mathero. Mark Williams anagonjetsa Stephen Hendry 10 kwa 9 mwa njira imeneyi mu fainolo ya mpikisano wa Masters ya 1998. Fainolo yotchuka ya mpikisano wa dziko lonse ya 1985, yomwe Dennis Taylor anapambana Steve Davis 18 kwa 17, inathera pa wakuda womaliza wamba, osati wobwezeredwa.

Masewero akaima, onse akungokhudzakhudza mpira popanda chosintha, woyimbira amawafunsa ngati akufuna kuyambiranso frame. Wina akakana, amapereka malire, kawirikawiri kumenya katatu aliyense; zikapanda kusintha mapointi amafafanizidwa, mipira imaikidwanso, ndipo yemwe anayamba frame ija ndiye amayambanso.

Woweruza ndani, ndipo mlandu umatha liti

Woyimbira ndiye woweruza yekha wa chilungamo pa tebulo, ndipo ali ndi mphamvu yogamula ngakhale pa zomwe malamulo sanatchule. Ngati sanaone bwino, angafunse wolemba mapointi, akuluakulu ena a mpikisano kapena oonera omwe anali pabwino, kapena kuona kanema ngati ilipo. Koma pali zomwe saloledwa: kuchenjeza wosewera kuti watsala pang'ono kulakwa, kupereka malangizo a kamenyedwe, kapena kuyankha funso loti kusiyana kwa mapointi ndi kotani. Angakuuze mtundu wa mpira ukamufunsa, zomwe zimathandiza anthu osasiyanitsa bwino wofiira ndi wabulawuni, ndipo amapukuta mpira ukapempha. Wosewera sanyamula mpira yekha kuti aupukute.

Kufulumira kutola mpira kwapweteketsapo akatswiri. Ku Crucible mu 2009, Graeme Dott anaika chibakera pa thumba kuletsa woyera womwe unkalowa. Woyimbira Alan Chamberlain analengeza fawulo. Mark Selby, poganiza kuti asewera kuchokera mu D, anatola woyerawo, ndipo nayenso anaimbidwa fawulo chifukwa mpirawo unali usanachoke pa tebulo. Wosewera wodikira asakhudze kanthu mpaka woyimbira atamupatsa mpira.

Kwathu timati mlandu suola. Pa snooker umaola, ndipo msanga. Fawulo yomwe woyimbira sanaione ndipo wodikira sanaidandaule kumenya kotsatira kusanachitike imakhululukidwa. Wamtundu womwe waikidwa pa kadontho kolakwika umakhala pomwepo ngati masewero apitirira. Choncho wodandaula alankhule nthawi yomweyo mipira ikangoima, osati atatha kuona kuti mnzake wapeza mapointi 30.

Kopanda woyimbira, malamulo amati wodikira ndiye amagwira ntchitoyo. Apa munthu akuweruza mlandu womwe ali nawo mbali, ndipo njira yake ndi kugwirizana kumenya kusanachitike. Wina akaona kuti mipira ingakhale yokhudzana, onse awiri awerame aione womenya asanagwire ndodo. Kumenya kukaoneka kuti kungakhale kokankha, kapena woyenera ndi wosayenera ili pafupi moti n'kovuta kudziwa womwe uyambe kugundidwa, aitane munthu wachitatu adzaime pomwe angaone, ndipo agwirizane kuti mawu ake ndi omaliza. Mkangano ukabuka, palibe wokhudza mpira mpaka utatha. Akalephera kugwirizana ndipo panalibe mboni, ambiri amabwezera mipira n'kumenyanso, kapena kuyambiranso frame. Mwambo wa masewerowa umathandizanso: wosewera amadziimbira yekha fawulo akakhudza mpira ndi malaya pomwe palibe waona, ndipo akatswiri amachita zimenezi ngakhale pa masewero a ndalama zambiri.

Khalidwe lili ndi malamulo ake. Wodikira asaime kapena kuyenda kutsogolo kwa maso a womenya. Kutukwana ndi khalidwe lina losayenera zimayamba ndi chenjezo, kenako kutaya frame, kenako masewero onse, ndipo mlandu waukulu ungadumphe chenjezo. Kugonja frame palibe amene akufuna ma snooker kumaonedwa ngati khalidwe losayenera.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Funso lalikulu likadali pa miss. Ena amati ndi lokhalo lomwe limaletsa akatswiri kugula chitetezo ndi mapointi 4, ndipo wotchera snooker yabwino ayenera kupindula nayo. Ena amati munthu amene waphonya ndi milimita imodzi atadzera m'mphepete katatu wayesetsa ndithu, ndipo si bwino kuti snooker imodzi, mwina yangozi, ipereke mapointi 30 kapena kuposa. Pali ofuna malire a maulendo obwezera, ndi ena ofuna kuti pambuyo pa maulendo angapo wolakwiridwa aike woyera pomwe akufuna, monga zimakhalira mu mpikisano wa Shoot Out pomwe fawulo iliyonse imapereka mwayi umenewu. Otsutsa amati zimenezi zingasinthe snooker kukhala masewero ena.

Funso lina ndi la kanema. Tebulo lomwe likuonetsedwa pa kanema lili ndi chithunzi chobwezerera mipira ndi chobwereza chothandiza pa kukankha, pomwe matebulo ena a mpikisano womwewo mwina alibe. Kodi osewera awiri akuweruzidwa mofanana ngati mmodzi ali ndi kamera ndipo winayo akudalira diso la munthu? Ndipo ngakhale kamera ilipo, mipira iwiri ikagundidwa mosiyana ndi kanthawi kochepa kuposa komwe chithunzi chingagwire, ndani anganene motsimikiza?

Nthawi nayo ili pa mkangano. Malamulo amaletsa kuchedwa koma satchula masekondi, ndipo Shoot Out ili ndi wotchi ya masekondi 15 kenako 10 pa kumenya kulikonse mu frame ya mphindi 10. Kodi wotchi yotere ingalowe m'mipikisano yaikulu popanda kupha masewero obisirana omwe amafuna kuganiza? Ndipo kwa osewera mocheza, lamulo lomwe linalembedwa poganizira woyimbira wophunzitsidwa ndi akatswiri otha kugunda mpira podzera m'mphepete kanayi, ligwire ntchito mpaka pati pa tebulo la kalabu pomwe woweruza ndi mdani wako yemwe?